Ndodo ya a Tembo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Kwaya yathu ya ku Chawama itapita kukajambula nyimbo ku situdiyo ina ya ku Kanyama, ndinauza mwini wake, ba Mulenga, kuti ng'oma zawo zikuthetheka. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Ubwele pa Mande, tione ngati matu yako yasebenza monga kamwa."

Situdiyoyo inali chipinda chimodzi kuseri kwa bala, makoma omata matireyi a mazira. Anandikhazika pa sampula, kabokosi ka mabatani a labala ndi kasikirini ngati ka foni yakale. M'menemo timadula kachidutswa ka nyimbo kuti kazibwerezabwereza, ndiyo lupu. Ukadula molakwika, pa joini, pamene mchira ukukumana ndi mutu, pamamveka "tiki". Mankhwala ake ndi kukulitsa chithunzi cha mawuwo, n'kupotokola kagudumu pang'onopang'ono mpaka podulapo pagwere pamene funde la mawuwo likudutsa mzere wapakati. Zikakanika, umazimiritsa mawu pang'ono zedi kumayambiriro ndi kumapeto. Tiki wapakati pa lupu umamudula n'kumatapo kachidutswa koyera kochokera pena.

Ba Mulenga sankaphunzitsa, ankalanga. Akamva tiki, ankakweza voliyumu ya mahedifoni anga mpaka pamapeto n'kundisiya lupu ikuzungulira m'mutu, iwo akudya chikanda. Khutu langa lakumanzere limalirabe. Ndinkadana nawo, koma makinawo ndinkawafuna.

Tsiku lina kunabwera amake Dalitso, ogulitsa makala ku komboni ya George, atamanga memori kadi pa mfundo ya chitenje. Munali mawu a malemu amuna awo, a Tembo, akuimba okha pakhonde. Ankafuna tiikemo ng'oma ndi besi, nyimboyo ikalire poika mwala pamanda. "Musamale, bana banga. Foni inagwa mu manzi, kulibe inangu."

Atachoka ndinamvetsera. Munali tiki wouma, wobwera nthawi yake ndi yake.

"Ba Mulenga, aka ka tiki sikali pa joini. Kayenda na nyimbo."

"Ndani wakufunsa? Chosa vonse. Muno simuchoka vinyalala."

Ndinachotsa, mmodzimmodzi. Memori ya sampula ija inali yaing'ono, choncho ba Mulenga anafufuta mawu oyambawo kuti ng'oma zikwanemo. Kadi nayo anaipukuta asanaikemo nyimbo yatsopano, monga ankachitira ndi kadi ya aliyense poopa mavairasi.

Amake Dalitso atabweranso, anakhala pa kireti n'kutsinzina. Nyimbo itayamba, dzanja lawo linkagunda pabondo, kenaka linaima.

"Ndodo yao ili kuti?"

A Tembo anaduka mwendo pa fakitale ina ya ku Industrial. Poimba ankagogoda simenti ndi ndodo yawo yachitsulo, ndipo ana awo anakula akumva kugogodako.

"Bwezani chabe yakudala," anatero mayiwo, kutanthauza mawu oyamba aja. Kenaka ba Mulenga anandiloza osaphethira. "Ni kamukazi aka, amai. Ninakauza kuti kasiye, sikamvela." Anatembenukira kwa ine akuseka. "Tenga supuni ugogode pansi, tijambule. Ni chimozimozi."

Mayiwo sanakalipe. Akanakalipa bwenzi nditapepukidwa. Anandiyang'ana ine, osati bwana. "Mwana wanga, mwendo banabachosa ku fakitale. Iwe wabachosa na ndodo."

Ndinayesa kufotokoza, koma ba Mulenga anakweza nyimbo ija mpaka mawu anga anamira. Ndinachoka mwezi womwewo, ndipo mkwiyo wa tsikulo sunandithere.

Lero ndili ndi sampula yangayanga ku Mtendere. Zoyamba sindifufuta, ngakhale makina adzaze bwanji. Tiki wa pa joini ndimachotsa osafunsa, koma wina aliyense ndimayamba ndamuimbira mwini nyimbo, n'kufunsa kuti ndi chiyani. Makasitomala ena amati ndimachedwetsa ntchito. Iwo sanaone amake Dalitso akumanganso kadi ija pa mfundo ya chitenje, mosamala, ngati mukadali amuna awo.