Tiwonge ndi Mabulaketi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndili Fomu 3 pa sekondale yoyendera kufupi ndi Champhira, chaka chomwe amayi anga anamwalira. Maliro atatha, akuchikazi anatumiza mng'ono wawo wa amayi, a NyaMoyo, kuti adzalowe m'malo mwa mkulu wawo ndi kutilera ife, monga mwa mwambo wa kwathu. Ukwati wawo woyamba unali utatha, ndipo anabwera ndi kamtsikana kawo, Tiwonge, kongoyamba kumene kuyankhula bwino.

Pamudzi panabuka nkhani. Kwathu mwana ndi wa kuchimuna, choncho akuluakulu ankati Tiwonge aperekedwe kwa bambo ake ku Euthini. A NyaMoyo sankatsutsa, koma akamapita kudimba ankamubereka mwanayo, ngakhale anali wotha kuyenda yekha.

Sabata yomweyo a Nyirenda, aphunzitsi athu a masamu, analemba pabolodi kuti f(x) = x² + 2x, n'kutiuza tipeze f(a + 3). Ine, amene ndinkadziona ngati katakwe, ndinathamangira kubolodi n'kulemba a + 3² + 2a + 3. Iwo sanakalipe. Anati ndiyese a akhale 1. Zanga zinapereka 15, pomwe f(4) ndi 24. Manyazi anandigwira, choko chili m'manja.

"Wamulowetsa mlendo, koma wamudula pakati," anatero. "Wolowa m'malo mwa x amalowa yense, ndi zonse wabwera nazo, paliponse pamene x anaima. Mbwenu umutsekere m'mabulaketi."

Analemba (a + 3)² + 2(a + 3). Anzanga ankakopera, koma ine mtima unali utathawira kunyumba.

Loweruka ndinali ndi adada m'chigafa, tikusankha fodya. Fungo lake linkaluma m'mphuno. Ndinalimba mtima n'kuwafotokozera za a Nyirenda, kenako ndinati, "Adada, ndapota, ngati mwawalandira amama, mulandirenso Tiwonge."

Anatenga nthawi akuwongola tsamba limodzi pabondo. "Wayowoya makora chomene, mwana wane," anatero motsitsa mawu, kuvomereza kuti ndayankhula bwino kwambiri. "Koma mwana ali ndi eni ake. Masamu ndi a kusukulu."

Adada sanali munthu wankhanza. Ankaopa abale awo, ankaopanso mlandu wa mwana wa eni. Ndinawakwiyira kwa zaka zambiri, ndipo pena ndimaona kuti mkwiyowo sunathe.

Mwezi usanathe, abambo ake aang'ono a Tiwonge anabwera pa njinga. Anamukhazika pakaliyala, n'kumumangirira ndi chitenje cha amayi ake kuti asagwe. Mwanayo ankaseka, poganiza kuti akupita kumsika ku Jenda.

A NyaMoyo anakhala nafe mpaka imfa yawo. Anatichapira, anatiphikira, anatisamala tikadwala, ndipo sanatimenyepo. Anthu ankawayamikira kuti nyumba ya mkulu wawo aisunga. Koma sindinawamvepo akuseka mokweza, ndipo njinga iliyonse ikamadutsa pamsewu ankasiya chomwe akuchita n'kuyang'ana.

Lero ndine mayi, ndili ndi ana anga, ndipo ndikumvetsa chomwe tinawachita. Tinkafuna manja awo, nkhope yawo yofanana ndi ya amayi, koma mtima wawo tinaukweza panjinga n'kuutumiza ku Euthini. Tiwonge anabwera pamaliro awo ali mayi wamkulu. Anakhala pakati pa alendo, n'kundifunsa chapansipansi kuti amayi akewo anali munthu wotani.