Ndili bwino, kaya inu

Anandilanda sukulu ndili Sitandade 3, ndipo chinandilanditsa ndi moni.

Bambo anabwera kunkhondo ya azungu atagontha. Ankawombera mizinga. Kwathu ku Bua bingu likagunda nkhuku zinkabalalika, iwo n'kumasokabe ukonde. Makutu awo ndinali ine: ndikawakoka malaya kamodzi ndiye kuti akuitanidwa, kawiri ndiye kuti Amayi akalipa. Uthenga utafika woti asilikali olumala akalembetse penshoni, Amayi anati fizi yanga yapezeka, poti aphunzitsi a ku mishoni anali atandibweza kale kawiri.

Ndikukumbukira ulendo wake. Tinalawira, Bambo atavala khaki wosita ndi nsimbi ya makala, mamendulo akulira pachifuwa, nsapato zili paphewa kuti zisade. Anakazivalira patsinde pa mango a pa boma. M'chipindamo munkanunkha mankhwala ndi fodya wa kaliwo. Mesenjala ananditsekereza pakhomo, koma ndinkaona zonse. Dokotala wachizungu sanadzutse n'komwe mutu. Kalaliki womasulira ndiye anayamba: "Muli bwanji, bambo?"

Mawu amenewo safuna makutu, amaonekera pamilomo. Bambo anagunditsa zidendene, n'kuyankha mokweza mpaka anthu a pakhonde anatembenuka: "Ndili bwino, kaya inu!"

Dokotala anafunsa kuti akuti chiyani, kalaliki anamasulira, cholembera chinayenda. Akumva, ndipo ali bwino. Wotsatira.

Titatuluka ndinawakalipira ndi manja, misozi ili chuchuchu. Ndinawalozera a Selemani, msilikali mnzawo, amene analowa akutsimphina mwendo wamanzere n'kutuluka akutsimphina wamanja, atalembedwa masheleni khumi pamwezi. Bambo anaseka, akumasula zingwe za nsapato.

"Iwe mwana, munthu akakupatsa moni umayankha. Kunkhondo ndinasiyako makutu, ulemu ndinabwera nawo."

Tinabwererako katatu. Ankangotiwerengera pepala lomwe lija.

Masiku ano anthu anachenjera. Kalaliki akangoti muli bwanji, iwo amayambira kudandaula mutu n'kutsirizira chala chakumwendo. Ine ndimapalasa bwato la eni, ndipo aliyense wonena kuti Bambo anapusa amakumana ndi nkhafi yanga. Ndinawaona ndi maso angawa ataima njo pamaso pa mzungu, osapinda bondo, osapempha. Tinawaika chaka chatha, woyankha moni ndatsala ine. Masamu ndinawatolako ndisanachotsedwe: masheleni khumi pamwezi, zaka khumi ndi ziwiri mpaka imfa yawo. Mapaundi makumi asanu ndi awiri, kudza awiri.