Choko pa Jekete Yakuda

Tsiku limene anamuseka, ngakhale alonda ake omwe anabisa nkhope kuti asaoneke mano.

Bamboyu anali katswiri wa zachuma. Zaka zambiri anazithera m'kaofesi kopanda windo, akulembera nduna zokalankhula. Atatopa kumva zolemba zake zikupotozedwa pa wailesi, anatula pansi ntchito n'kulowa chipani chotsutsa boma. Mutu unali wakuthwa, koma lilime linali ndi chibwibwi.

Pamsonkhano wake woyamba anagwira maikolofoni, nati, "Abale anga, ku-ku-ku..." Mawu anakanirira pakhosi ngati munga.

"Injini yakana kulira! Ikankheni!" wina anakuwa. Bwalo lonse linafa nalo phwete.

Atafika kunyumba anangodziponya pampando, nsapato osavula. "Amayi a ana, ndale ndazisiya. Pakamwa panga si pa gulu."

Mkazi wake, mphunzitsi wa masamu, sanasiye n'kusita komwe. "Mwaiwala mmene munandifunsirira? Chaka chathunthu mukungoti ndi-ndi-ndi. Tsiku lomwe munatola choko m'kalasi mwanga n'kuyamba kujambula nyumba yathu pabolodi, munalankhula ngati wailesi. Ndinavomera kuti mupumeko."

Bamboyo anadzuka pampando. Zinali zoonadi: dzanja likamajambula, lilime limaiwala mantha.

M'mawa mwake anagula kabolodi. Anakwera nako mabasi, ananyowa nako pamvula, anaima nako m'misika momwe poyamba omvera anali nkhuku ndi ogulitsa tomato. Ankajambula mizere iwiri basi, wina wokwera ngati utsi, wina wogona chagada. "Uwu ndi mtengo wa zinthu. Uwu ndi malipiro anu. Pakatipa ndi pamene pagwera tulo tanu." Anthu anayamba kuima. Kenako anayamba kubwera ndi mipando. Dzina anamupatsa lakuti a Choko.

Ndiye kunafika msonkhano waukulu wosankha wodzaimira chipani pa mpando wa pulezidenti. Wopikisana naye, mkulu wa mawu ngati bingu, anali atanong'oneza okonza mwambo kuti pansanja pasakwere chipangizo chilichonse. Okonza mwambowo analanda bolodi lija pakhomo.

A Choko anaima pamaso pa holo yodzaza. Akalephera apa, ulendo wonse wathera pomwepa. "A-a-a..." Kumbuyo tizikhwekhwe tinayamba.

Pamenepo panamveka gogoda pamasitepe. Mkazi wake uja anakwera pansanja atavala jekete yakuda yatsopano, n'kumutembenuzira msana.

"Lembani apa, bambo a ana. Aletsa bolodi, mkazi sanaletse."

"Jekete yatsopanoyi?"

"Mukachapa nokha. Fulumirani, choko chili m'thumba lakumanzere."

Holo inaseka, koma kuseka kwake kunali kwina. Dzanja linagwira choko, mzere unakwera kuchoka m'chiuno mpaka paphewa, ndipo mawu anasefukira ngati mtsinje wa m'dzinja. Anafotokoza chimene chadwalitsa chuma, mankhwala ake, ndi kuwawa kwa mankhwalawo osabisa. Mayi ankangoluma mlomo, choko chikuwagirigisha. Pomaliza, ngakhale amene analanda bolodi aja anali chilili, akuomba m'manja.

Mavoti atawerengedwa, a Choko ndiwo anapambana. Lero nkhope yawo ili pazikwangwani, ndipo jekete ija sinachapidwebe. Mayi anaikoleka pabalaza, mizere yake ili mbee.

Kaya adzalowa kunyumba ya boma kaya ayi, ine sindingadikire zimenezo kuti ndikuuzeni ichi: amene anakusekani anangomva pamene lilime linapunthwa, sanamve zimene zili m'mutu mwanu. Fufuzani choko chanu lero, osati mawa. Ndipo mukapeza munthu wokubwerekani msana pagulu, mugwireni ndi manja awiri. Mtima wokhawo musautaye, abale, injini yokankha nayonso imakafika.