Ziro wofiira pa maliro a bambo anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, tikukhala ku Lanham, kutsidya kwa nyanja, pamene bambo anamwalira kumudzi. Mapepala athu sanalole kuti tipite kumaliro.

Kusukulu, mphunzitsi wa Chingerezi, mayi wachizungu, anatiuza kuti tilembe ndakatulo ya munthu amene anatisiya. Ine ndinalemba za bambo. Pakati ndinaikapo mizere iwiri ya nyimbo imene amayi a mvano amaimba potulutsa bokosi m'nyumba, nditaitembenuza m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Dzina la wopeka sindinalembe. Ndikanalemba ndani? Kwathu ukangoyamba mzere umenewo, aliyense amaona manda. Sindinkadziwa kuti nyimboyo inabwera ndi amishoni, ndipo mphunzitsiyo ankaiimbanso kutchalitchi kwake.

Anandiimiritsa kutsogolo kwa kalasi, pepala langa lili ndi ziro wofiira. Akuti ndaba. Kuba! Pa maliro a bambo anga omwe!

Mayi anga ankagwira ntchito yosamalira nkhalamba ina imene kale inkaphunzitsa Chigiriki ndi Chilatini ku yunivesite ya ku Foggy Bottom. Loweruka ndinapita nawo. M'chipindamo munkanunkha mankhwala ndi mabuku akale. Atamaliza kuwadyetsa phala, mayi anawaonetsa pepala lija. Agogowo anawerenga kawiri.

"Mphunzitsi wakoyo ndi mbuli," anatero. "Ayuda, Agiriki, Aroma, onse ankalemba choncho. Ankatola mawu a akale osatchula mwini, kuti womva akumbukire yekha, alire kawiri. Lolemba ndimulembera kalata."

Lolemba litafika, mutu unali utawathawa. Anafunsa mayi kuti ndinu ndani m'nyumba mwanga.

"Ingokapepesa, mwana wanga," mayi anandichonderera. "Kuno ndife alendo."

"Ndikapepese chiyani? Si inu munkaimba nyimbo yomweyo m'bafa, madzi mutatsegula kuti ndisakumveni mukulira?"



Sindinapepese. M'kalasi ya mphunzitsi uja sindinalembenso kanthu, ndinkangopinda manja n'kumamuyang'ana. Ndinalephera, ndinabwereza, kenako sukuluyo ndinaisiya.

Mpaka lero ndimanena kuti sindinabe, ndipo amene akufuna kutsutsa abwere. Koma chimene chimandiwawa n'chakuti ndinachedwa kuzindikira chinthu chimodzi. Ndinkaganiza kuti kupinda manja kuja ndikumukhaulitsa mayiyo. Iye anapuma ntchito bwinobwino, mwina dzina langa sanaligwire n'komwe. Amene amadzuka kukachita ganyu yopalasa sinowo, chipale chija, pakhomo pa anthu ena ndine.