Galimoto ya mkamwini wanga sidziwa kunong'ona

Lachiwiri lapitali a Mbewe, mkamwini wanga amene anakwatira mwana wanga Rozina n'kukakhala naye ku Tete, anatulukira kwathu ku Domwe ndi karinya yawo yatsopano, galimoto ya bokosi kumbuyo ija amanyamulira kachewere kupita naye ku Tete. Ndikuti yatsopano kwa iwo. Mwini wake woyamba, ku Joni, inali itamutopetsa kale.

Anati abwera kudzanditenga kuti adotolo akaone bondo langa ku Ulongwe, madzulo adzandibweza. M'manja anali ndi shuga ndi chitenje. Bondo limeneli linayamba kundipweteka Rozina akadali namwali, ndipo palibe amene analifunsapo. Lero lapeza abale? Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndiye ine sindinakondwe. Ndinangomanga mpango n'kukwera.

Kukwerako kunali ndi mlandu wake. Kale mkamwini akaona apongozi panjira ankapatukira kutchire. Opanga magalimoto sanamvepo zimenezo. Anaika mpando umodzi kutsogolo, mpongozi apa, mkamwini apa, pakati kachitsulo ka magiya. Ndinapempha kukhala kumbuyo pa matumba, iwo anati anthu anena chiyani. Ndinakhala kutsogoloko, nkhope ndaloza kuzenera, koma diso limodzi lili pa iwo.

Pafupi ndi chiwongolero pali kagalasi kowala. A Mbewe anati alumikiza foni yawo yopalasa ija ku kagalasiko kuti ndizimvera nyimbo za kutchalitchi ulendo wonse. Amati zimalumikizana mumphepo, popanda chingwe. Galimoto inafufuza, inafufuza, foni ili pamphuno pake, koma inati palibe. Anatulutsa chingwe chogula ku Kalomwe. Chingwecho chinangodyetsa foni moto, nyimbo ayi. Mpaka anakabwereka china kwa aphunzitsi oyandikana nane, nkhuku zanga zikuwaonerera.

Zitagwirana, galimoto inayamba mafunso m'Chingelezi. Akuti inkapempha kuona mayina onse a m'foni ndi mauthenga omwe. A Mbewe ankangodina inde, inde, osawerenga, monga mmene amuna amavomerera malumbiro pa ukwati. Anandifunsa ngati ndikufuna alumikizenso kafoni kanga ka mabatani. Ndinati kali bwino m'chitenje momwemo. Kenako anavomera okha kuti sizikanathekanso, poti galimotoyo imalandira foni imodzi basi. Ndinati m'mtima, chabwino, pali china m'dziko muno chokana mitala.

Tinanyamuka. Pakagalasi panabwera mapu. Mudzi wathu, kumene kunagona mayi anga ndi amuna anga, mapuwo sakuudziwa: kamuvi kokha kakuyandama poyera ngati ntchentche mu mkaka. Titayenda pang'ono m'mbali mwa malire, foni inasokonezeka, osadziwa ngati ili ku Mozambiki kapena ku Malawi, mapu n'kuuma gwa. M'galimotomo mulinso mzimayi wosaoneka amene amati ukamuuza dzina amakuimbira munthuyo. A Mbewe anamuyesa m'Chinyanja, sanamve. Anamukalipira m'Chipwitikizi, iye n'kuyankha za kwawo. Ndipo galimoto ikamayenda, kagalasiko kamakana zala, akuti oyendetsa angagwere m'ngalande.

Ndiye tinatsala ndi nyimbo zokha. Msewu wathu mukuudziwa, miyala ndi maenje. Kuti nyimbo zimveke, a Mbewe anakweza mawu mpaka kumapeto.

Apo ndi pamene nyimbo inadukira pakati, foni n'kulira. Chala chawo chinathamanga chokha pa batani la pachiwongolero, mwa chizolowezi. Mawu a Rozina anatuluka m'zitseko zonse, aakulu ngati a katekisita.

"Bambo a Tino, mwawanyamula? Musawauze za ku Tete mpaka mudutse Ulongwe, angakudumphireni. Chipinda ndakonza kale. Dimba lawo lija anzawo a Sikiliya akuti ayamba kulima Lachisanu."

A Mbewe anakuwa kuti amayi ali pompano. Koma kachipangizo kotola mawu kali kudenga, ndipo pa msewu wotere kamangomva zitsulo ndi miyala.

"Sindikukumvani, mukumveka ngati muli m'chitsime. Ingomverani ine. Zovala zawo tidzatuma munthu. Akayamba kulira, agulireni nyama yootcha."

Nyama yootcha. Ine amene ndinamuyamwitsa.

Mkamwini wanga anabaya kagalasi, kanakana. Anafufuza batani lodulira, anakweza mawu m'malo mwake. Anazula chingwe, kunakhala zii. Anapuma. Kenako foni ija, imene m'mawa inakana kulumikizana mumphepo, inasankha nthawi imeneyo kuvomera, Rozina n'kubwereranso ali pakati pofotokoza za kuuma mutu kwanga. A Mbewe anaponda mabuleki. Galimoto itaima, phokoso linatha, kachipangizo ka kudenga kanatseguka makutu. Ndinayang'ana kumwamba ngati ndikupemphera, n'kunena kuti, "Rozina, ndamva."

Foni inaduka yokha. Pamenepo sinavutenso.

Tsono inu owerenga, makamaka anzanga a imvi, musati ndikutamanda galimoto. Chinthu chimene chimakumbukira mayina a anthu onse a m'foni mwako ine sindingachikhulupirire. Lero chaulula za Rozina, mawa chiulula zanga. Sichinandichenjeze chifukwa chondikonda. N'chopusa chabe. Sichidziwa kuti pampando pakhala ndani, sichidziwa mpongozi, sichidziwa kunong'ona. Munthu akamaimba foni amayamba wafunsa kuti muli ndi ndani. Masiku ano afunse kuti muli m'chiyani.

Koma taganizani. M'banja lonse, kuyambira mwana wanga wobereka ndekha, mkamwini wa shuga ndi chitenje, mpaka a Sikiliya amene timakhala benchi limodzi Lamulungu, amene anandiuza zoona ndi zitseko za galimoto.

Khalidwe limeneli lafala kuno kumapiri. Ana akapeza bwino m'tauni, amayamba kuona makolo ngati katundu woiwalika kumudzi. Samakufunsa. Amakambirana okha pa mafoni awo, n'kukupangira ulendo wa kuchipatala umene ulibe tsiku lobwerera. Mnzanga wina anamutenga kuti akaone chidzukulu chobadwa kumene. Chidzukulucho pano chili kusukulu, mnzangayo akadali kwa ana akewo, akuwotchedwa ndi dzuwa la ku Tete pakhonde, munthu wozolowera chisanu cha kuno. Dimba lake anabzalamo kabichi anthu ena. Amati n'chikondi. Mwina n'chikondidi. Koma chikondi chanji choyenda chobisala ngati mbava?

Sindikukana kuti ndakalamba. Bondo likupweteka, madzi ndimatunga pang'onopang'ono, tsiku lina ndidzagwa pakhomo popanda wondidzutsa. Rozina akanabwera yekha, n'kukhala pamphasa, n'kunena zimenezi m'maso mwanga, tikanakangana, inde, koma tikanakangana ngati anthu.

Mukufuna kudziwa mmene zinathera? Ku Ulongwe tinapitadi. Ananena okha kuti n'za bondo, ndiye ndinawauza a Mbewe kuti tikaonetse bondolo. Anaima pamzere wa chipatala m'malo mwanga mpaka dzuwa kupendeka, ine nditakhala pamthunzi. Nyama yootcha anagulanso, ndinadya yonse osalira. Pobwerera foni anaizimitsa n'kuiika m'thumba la malaya. Njira ya kwathu anaipeza bwinobwino popanda mapu.

Lachisanu a Sikiliya atafika kudimba ndi khasu paphewa, anandipeza ndili pakati pa mizere, ndikupalira kachewere wanga. Anandipatsa moni waulemu kwambiri, n'kunena kuti amangodutsa. Dimba langa lili pothera njira, kuseri kwake ndi dambo. Ndinawafunira ulendo wabwino.

Rozina sanaimbebe. Ndikudziwa kuti amawerenga tsamba lino, ndiye ndimufunsire pompano, pamodzi ndi anzake onse okonzera makolo zipinda m'tauni: ngati chipindacho n'chabwino chotero, mumachibisiranji?