Mbuzi Imene Ndinakaniza Ba Sajeni

Mu Lusaka muno palibe angandigonjetse pa kunenerera mtengo. Kafunseni ku Kabwata. Njira yanga ndi imodzi: wogula akauma, nyamula katundu, tembenuka, yenda. Adzakuitana yekha.

Ndinaiphunzira kwathu kumalire, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Masiku amenewo zigawenga za kutsidya zinkalowa m'midzi, ndipo asilikali athu ankalondera mlatho wa pafupi ndi msika.

Loweruka lina m'mawa, mkulu wawo, Ba Sajeni Mvula, anafuna mbuzi yanga. Anatchula mtengo wochititsa manyazi. Ndinakoka chingwe n'kuwoloka mlatho pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo.

Anandiitanadi. "Iwe mfana, bwela!"

Ndinamwetulira. Ndinapitirira pang'ono, kuti akweze.

Chipolopolo choyamba chinagunda chitsulo cha mlatho. Chachiwiri chinapeza mwendo wanga. Chingwe sindinachitaye. Mpaka lero sindidziwa chifukwa.

Msika wonse unathawira ku lole ya asilikali. Ba Sajeni okha anathamangira kumene kunkalira mfuti. Anandiponya paphewa ngati thumba la chimanga. Malaya awo ankanunkhira sopo. Pakati pa mlatho anandipatsira msilikali wina, iwo n'kugona chafufumimba, mfuti italoza kutsidya.

Lole inanyamuka. Mfuti ya Ba Sajeni ndinaimva mpaka pachitunda. Kenako sindinaimvenso.

Nditatuluka m'chipatala ndinafika kwa amalume ku Kabwata, ndi ndodo ndi nsapato imodzi.

Chaka chatha boma linapatsa malemu Ba Sajeni mendulo ya ngwazi. Anakailandira mwana wawo, Ba Misozi, nesi wa ku Chelstone, amene anabadwa bambo ataikidwa kale. Anandifunafuna mpaka kundipeza pa tebulo langa la zovala zakale za salaula m'tauni.

"Atate, pepala la mendulo likuti bambo anga anabwelela kukatenga mwana wovulala. Munali kuchita chiyani kutsidya?"

Ine amene pakamwa sipauma, ndinayamba kupinda malaya opinda kale. Kenako ndinawauza zonse.

"Ndiye munawamva akuitana?"

"Ndinawamva, mama."

Ba Misozi anatsegula kabokosi n'kundiika mendulo m'manja. Inali yopepuka. Atailandiranso anaipukuta ndi nsonga ya chitenje.

Iwo anakwera basi ya ku Chelstone, kabokosi kali m'chikwama. Ine ndinatsimphina kupita kunyumba, kumene adzukulu anayi ankakanganirana wailesi. Inu obadwa pa mtendere, tandiuzani: pa malonda a mbuzi ija anawina ndani?