Dothi Lapamwamba

Mwana wanga wamkazi anabadwira kuchipatala cha ku Edmonton. Mchombo wake utagwa ndinasowa kouika. Kwathu timaukwirira pakhomo, ndipo pomwepo ndiye kwawo kwa mwanayo. Koma ife tinkakhala m'mwamba, m'nyumba ya lendi. Ndinaukulunga m'kansalu n'kukaukwirira kudimba limene khonsolo inandibwereka, patsinde pa mtengo wa maapozi. Kumeneko ndinkalima nkhwani ndi bonongwe, azungu oyandikana nawo n'kumadabwa kuti mayiyu akuthirira tchire.

Mtsikanayo ali ku sekondale, khonsolo inatichotsa tonse kumadimbako kuti pamangidwe nyumba. Ndinapita ndi khasu kukafuna mchombo uja, koma kansalu kaja kanali katasanduka dothi kalekale. Ndinabwerako ndi matuza okha.

Asanayambe kumanga, kunabwera anthu ofukula zakale. Anapeza kuti pamalopo panali mudzi wozingidwa ndi ngalande, anthu ankakhalamo Aroma asanafike mpaka m'nthawi ya Aromawo. Tsiku limene analola anthu kukaona, ndinapita ndi mwanayo. Dimba langa sindinalizindikire. Mtengo panalibe, mizere panalibe, pali mbee! Anthu akuluakulu, ophunzira bwino, anali atagwada m'matope, akupukuta phale ndi kaburashi ngati akusambitsa khanda. Zinandipsetsa mtima, sindibisa. Phale kwathu timakazingirapo chimanga.

Ndinafunsa mayi wina wovala chisoti amene ankatifotokozera.

"Nanga dothi lapamwamba lili kuti?"

Anayankha mwaulemu kuti lapamwamba alibe nalo ntchito, ndi laposachedwa. Makina anapala lonse, malole n'kulitenga.

"Kupita nalo kuti?"

Sankadziwa. Anati mwina omangawo angadziwe, koma dothi lochokera m'malo ambiri amaliphatikiza pamodzi.

Ndikanakadandaula kwa ndani, n'kukati ndataya chiyani? Zinthu za anthu amene palibe akuwadziwa dzina zinali m'timatumba, zolembedwa bwinobwino. Za mwana wanga wamoyo, amene anali ataima pomwepo, zinapita ngati zinyalala. Ndinadziona wopanda mphamvu kuposa tsiku lina lililonse m'dziko lino.

Nkhani ya mchombo mwanayo ankaidziwa, ndipo ankakonda kundiseka nayo. Tsikulo sanaseke. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndiye ndinadzidzimuka atandigwira mkono n'kufunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka:

"Mami, ndiye kwathu kwa ine kuli kuti?"

Ndinayang'ana pageti pamene malole aja ankatulukira. Sindinkadziwa ngakhale zoti ankakhotera kumanzere kapena kumanja.